Ankhondo a Mtanda pa Chitakale

Anabwera pa basi ya ku Joni
m'chitini cha mabisiketi, atakulungidwa m'sokosi,
makumi atatu, otuwa ngati phulusa,
wamtali kwambiri wosaposa chala changa chachikulu.

Mmodzi anafika wopanda mutu.
Ndinaupeza pansi pa chitini n'kuumata ndi guluu wa nsapato.
Mpaka lero amayang'ana chakumanzere
ngati wamva wina akumuitana.

Ubweya wa bulashi ndinameta kumchira kwa mphaka wa aneba.
Mitanda yofiira pazishangopo
ndi kyutekisi wa Mwandida.
Sanandikhululukirebe.

Juni yense chiperoni chikungotsika m'phiri,
utoto ukukana kuuma.
Akavalo asanu ndi awiri aima pawindo,
miyendo yonyowa, kudikira dzuwa
monga tinkadikirira malipiro ku esiteti.

Linga ndalimanga ndi zidutswa za mkungudza
zotola kwa osema a pa Likhubula.
Yerusalemu wanga amanunkhira Mulanje.

Loweruka Che Twaibu amabwera panjinga
ndi gulu lawo la nduwira zobiriwira
m'katoni ya nsapato.
Timayala bulangete patebulo,
mabuku pansi pake kuti akhale mapiri,
mtunda timayeza ndi tepi ya telala,
madayisi n'kugubuduka.

Sabata yatha anandiphera onse.
Anatsala wakhosi lopindika uja,
atabisala kuseri kwa kapu.

Kenako nthawi ya swala inakwana.
Ndinawatungira madzi, ndinatsitsa wailesi.
Ankhondo athu anangogona posakanikirana pabulangete,
mtanda pa nduwira, nduwira pa mtanda,
tiyi akuzizira.