Usiku pa Nsanja, Kufupi ndi Waya

Mwandida waiwala kope lake m'thumba langa la tochi.
Ndiye pano pa nsanja, pakati pa chimanga cha kwa Chulu,
ndalitsegula kuti tulo tisandibe.
Pa tsamba lachinayi wajambula mzere:
woyamba akukwawa,
wachiwiri wawerama ngati wofuna singano m'fumbi,
wachitatu wagwira mwala,
wotsiriza waima chilili, ndevu zometa bwino.
M'munsi mwake walemba ndi inki yofiira: uyu ndife.

Aphunzitsi ake, a Kalilangwe, akuti zidatenga zaka mamiliyoni
kuti msanawo uwongoke.
Wanga wapindikanso m'zaka makumi anayi zokha,
ndi khasu, ndi mabelo a fodya.

Kutsidya kwa waya nthambi yathyoka, thyo!
Ine sindikuona kanthu, mabatire ndi a sabata yatha.
Galu wanga Zilikomweko adamva kalekale,
ubweya wa pamsana uli njo.
Nayo njovu yandidziwa ndisanaidziwe:
yanunkhiza thukuta langa,
utsi wa tsabola amene ndawotcha m'ndowe,
ndi chimanga chimene changoyamba kukhwima.
Mphuno yanga imangodziwa chimfine.

Mlonda wina wa m'nkhalangomu adandiuza
kuti mwana wa njovu wobadwa mbandakucha
amayenda dzuwa lisanatenthe.
Mwandida adakwanitsa chaka ndi miyezi itatu
akugwirabe chitseko, akugwa, akulira.
Mleme uwu ukutola udzudzu mumdima wa bii
osagunda ndi mtengo womwe.
Chiswe chidamanga chulu cha kumalire kwa mundawu
popanda chingwe, popanda mmisiri,
ndipo mvula ya chaka chino yachilephera.
Chigafa changa chagwa kawiri.

Nanga tidapambana pati?
Kope likuti: chala chachikulu, moto, chilankhulo.
Ndachiyang'ana chalacho.
Chimasoka fodya, inde. Chimayatsa machesi.
Ndi chomwechonso adachiviika mu inki
nkuchidinda pa pepala la ngongole ya feteleza.
Sindinamvepo za njovu yogona m'maso
kuwerengera chiwongola dzanja.

Waya walira. Mtengo wa waya wagona pansi.
Ndagwira chitini, ndamenya ndi mpini,
ndakuwa mpaka pakhosi pauma gwa.
Ndekha ndine nyama yopanda nyanga,
yopanda zikhadabo, yothamanga ngati yodwala.
Koma Lufeyo wayankha pa nsanja ya kumtunda,
kenaka mai ake a Sositeni ndi beseni lobooka,
kenaka anyamata a kudambo ndi mluzu wa mpira,
phokoso likuthamanga m'mbali mwa waya
ngati moto wa lupsa mu Okotobala.
Wina waimba kale foni kwa alonda.

Yaima. Ndikumva mpweya wake.
Kenaka china chake chanjenjemera m'mitengo ya nsanja,
chakwera m'miyendo, chafika m'chifuwa,
kulira kwapansipansi kumene khutu silikugwira bwino.
Kuthengo ina yayankha.
Kodi nazonso zikuuzana za ife?
Njira iyi amayi ake adadutsamo
waya kulibe, munda kulibe, ine kulibe.
Kapena kuli kamwana kumbuyoko kakuphunzira
kuti tizirombo taphokosoti tidachokera kuti.

Yatembenuka mosafulumira,
ngati munthu amene wakumbukira kuti abweranso mawa.

Kwacha. Mizere iwiri yapita.
M'phazi lake limodzi ndaimamo ndi mapazi onse awiri,
malo nkutsalako.
Zilikomweko wanunkhiza, wayetsemula, wachokapo.

Mwandida akubwera ndi yunifolomu yosasita,
akufuna kope lake.
Ndamuuza: munthu wako wotsirizayu ndamuona,
waima bwino, koma waima yekha, manja lende.
Ukafunse a Kalilangwe
ngati ungamujambulire chitini m'manja,
ndi mnzake womuyankha kumtunda.
Wandiyang'ana, waseka,
wati abambo, zimenezo sizibwera pa mayeso.