Kuwerenga ndi Sikelo

Tsiku limene a Bhavnaben analemba nambala ija
choko chinathyoka pa ziro wachisanu ndi chinayi.
Anatola kachidutswa, napitiriza.
Bolodi inatha maziro akadalipo,
ndipo anakhotera pansi
ngati nyerere zakumana ndi madzi.

Sikisi, anatero, ndi manambala 23 pambuyo pake.
Dzina lake molo.
Dazeni ndi khumi ndi ziwiri, kaya mazira kaya mabatani.
Molo ndi dazeni ya anthu a mu labotale,
kungoti iwo amasunga tinthu timene diso silinaonepo.

Kinjal anakweza mkono: nanga anawerenga ndani?
Kalasi yonse inaseka.
Ine sindinaseke, funsolo linali langa.

Palibe, mwanawe.
Anthu onse a pa dziko atakhala pansi lero,
aliyense kamodzi pa sekondi, osadya, osaphethira,
zaka mamiliyoni awiri zitha kudutsa
ntchito ikadali m'manja.
Ife timawerenga ndi sikelo.

Anatsegula botolo, nathira pang'onopang'ono pa kambale
mpaka manambala ofiira anaima:
magalamu 58 ndi theka, kuperewera pang'ono.
Apa, molo imodzi ya mchere.
Sodiyamu ndi kolorini, awiriawiri, onse alipo.

Kamuluko sikakanadzaza dzanja la bambo anga.

Bambo anga ndi Mansukh wa ku Kharaghoda.
Miyezi isanu ndi itatu pa chaka amakhala m'chipululu cha Rann,
injini ya dizilo ikutsokomola usiku wonse
kukoka madzi owawa pansi pa nthaka.
Mapazi awo anang'aluka kalekale
ndipo mchere unalowa m'ming'aluyo nukhazikika.
Sanawerengepo kanjere n'kamodzi komwe.
Amangonyamula thumba, kulimvetsera pa phewa:
apa pasowa makilo awiri.
Sikelo ya mnansi wathu imawavomera.
Ya wogula, ayi, iyo ili ndi masamu ake.

Pa tchuthi cha makaiti ndinapita kukawaona,
kutsogolo basi, kenako kumbuyo kwa thirakitala,
fumbi loyera m'mano.
Ndinatapa pa mulu waukulu, n'kuwathirira m'chikhatho.
Ndinatola kamtengo, n'kuyamba kulemba pa dothi louma,
sikisi, ziro, thu, thu,
kenako maziro, ndikubwerera chammbuyo
mpaka ndinagunda chidebe cha dizilo.

Iwo anayenda m'mbali mwa nambalayo
monga amayendera m'mphepete mwa dziwe lawo,
kuyang'ana pamene pakudontha.
Mapazi asanu ndi anayi.
Anabwerera. Anatsegula dzanja.

Onsewa ali muno?
Onse, bambo.
Jagruti, usandinamize.
Sikelo sinama, ndinatero, n'kudziluma lilime.

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.
Ndiye kuti wogula uja, anatero atapuma,
akanamalipira kamodzikamodzi,
bwenzi ndili ndi nyumba ya simenti ku Ahmedabad,
ndi ina ya mbuzi.

Amayi anaitana kuti tiyi wazizira.
Bambo sanabweze mcherewo pa mulu.
Anauthira m'thumba la malaya,
limene amasungamo lisiti ya ngongole ndi machesi.

Madzulo mphepo inafufuta maziro anga
kuyambira kumapeto.
Galimoto ya madzi akumwa inali isanabwere sabata imeneyo,
m'mgolo munatsala a zala zinayi.
Anandipatsa kapu.
Nanga awa?
Magalamu 18, bambo. Kumeza kamodzi kokha, kakang'ono.
Nambala yomwe ija?
Yomwe ija.

Anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali,
nyali ikugwedezeka pamwamba pa madziwo.
Imwa, anatero.
Koma usataye.