Mwala wa ku Mondeor

Piki yanga yagunda mwala
m'dimba la mdala Venter, ku Mondeor,
mwala wobiriwira, wa timaso toyera.
Mdala watsika pakhonde ndi ndodo yake,
waunyowetsa ndi malovu, wati:
"Uwu unali moto.
Unkayenderera ngati phula,
kulibe munthu, kulibe ngakhale udzu.
Mapiri ukuwaonawa
ndi chiphalaphala chimene chinazizira."

Ndafunsa: unafa, kapena ukugona?

Waseka mpaka chifuwa chamugwira.
"Wa kuno unafa, gona mtima uli m'malo.
Koma kwina aliko mapiri onamizira.
Anthu analima mphesa m'mbali mwake,
namanga matchalitchi, nakwatitsa ana,
mpaka m'mawa wina agalu anakana kudya."

M'takisi ya madzulo ndakhala chete,
mwala uli m'thumba la ovolosi.
Ndalama ndapatsira kutsogolo osayankhula.
Lilime langa ndimalipinda ngati mpeni
tikangodutsa Booysens.
Dalaivala akuimba mluzu. Ndi munthu wabwino.
Onse ndi anthu abwino Lachiwiri.

Lufeyo anali ndi kashopu ku Jeppestown,
buledi, parafini, machesi, ma eyataimu.
Amene ankamukongola shuga,
amene ankamutcha mlamu,
ndi omwewo anabwera ndi petulo.
Patha zaka zisanu ndi ziwiri.
Pamalopo pali saluni tsopano, ya penti yapinki,
ndipo mnyamata amene ananyamula chigubu
amandipatsa moni ndi manja awiri.
Akulera mwana. Wayamba kupemphera.
Ndiuzeni inu odziwa miyala:
pamenepa tilembe kuti chiyani?

Mzinda uno uli ndi mapiri ake ena,
achikasu, owunjikidwa ndi manja.
Agogo anga aamuna anathirapo thukuta
masiku a Wenela,
anabwerera ku Ntcheu ndi njinga, jekete,
ndi fumbi m'mapapo.
Fumbi lija linagona zaka makumi awiri
osatsokomola n'komwe.
Linadzuka chaka chimene ndinabadwa.

Nthawi zina usiku pansi pamanjenjemera,
makapu amagundana mano m'kabati.
Amati ndi migodi yakale ikudzikonza pogona.
Mkazi wanga Nasibeko sadzuka,
koma dzanja lake limapita lokha
pa chikwama cha mapasipoti.

Ndipo ine?
Ndimadulira maluwa a eni ake mosamala,
ndimati zikomo m'zilankhulo zinayi.
Maliro a Lufeyo sindinalire,
ndinali wotanganidwa ndi kusonkhetsa ndalama za bokosi.
Chilipo china pansi pa nthiti izi
chimene sindinachiyezepo kutentha.
Sindichifunsa. Sichindifunsa.

Mdala Venter ali ndi mabuku, ali ndi manambala,
amadziwa kuwerenga zaka za mwala
ngati mmene ife timawerengera mano a mbuzi.
Ndimamukhulupirira.
Wati unafa, ndiye kuti unafa.

Mwala uja ndautsekereza pachitseko
kuti mphepo ya Ogasiti isachimenyetse.
Mwana wanga Tadala waujambula maso ndi choko.
Usiku uno, magetsi atathima,
ndaugwira ndi chikhatho.
Unali wofunda.

Ndi dzuwa la masana, ndadziuza.
Ndi dzuwa chabe.
Ndasiyabe dzanja pomwepo
kufikira tambala wa pafoni atalira.