Mafupa Oyera M'galasi

Abwana ponyamuka Lolemba kupita ku msonkhano ku Lilongwe
anandisiyira makiyi, ndalama ya mayunitsi
ndi nyanja yawo ya m'galasi ili pabalaza,
madzi amchere okwana ndowa khumi ndi ziwiri
kuno ku Dedza, kumene mchere timagula wa m'kapepala.

Ine Mwandida nyanja yamchere sindinaionepo.
Ndimadziwa yomweyi: kupukuta galasi,
kuwazira chakudya nsomba ziwiri zamizeremizere,
kuwerenga kandodo koyezera kutentha.
Timitengo tamwala tija amati ndi makorali.
Anabwera nato a Dzimbiri a thiraki kuchokera ku Nacala
titamangidwa m'jumbo ya madzi, atatifungata ngati khanda.
Ndinkayesa nyanga za gwape zopaka utoto.
Abwana anati ayi, n'tamoyo,
khungu lake n'lopyapyala kuposa la anyezi,
kunsi kwake mwala wokhawokha.

Lachitatu magetsi anazima cha m'ma leveni usiku.
Chifunga chinatsika m'phiri, cha mu Juni chija
cholowa ngakhale pabowo la kiyi.
Ine ndinafunda mabulangete awiri.
Galasi sindinalifunditse. Ndikanadziwa bwanji?

Kutacha ndinaona kamzere koyera patsinde
pa korali wobiriwira amene amamunyadira kwa alendo.
Ndinati mwina ndi maso angawa.
Ndinakolopa, ndinachapa, ndinakayanika.
Pobwerako kuyera kuja kunali kutakwera chala chathunthu,
khungu likusendeka, nyenyeswa zikuyandama
ngati kachewere wongokumba kumene ukamutikita m'beseni.
Magazi panalibe, kulira panalibe,
nsomba zikungozungulira ngati palibe maliro.

Pafoni mawu awo ankadukaduka.
Tenga pulayala m'dirowa, anatero,
dula nthambi zimene zikadali ndi mtundu.
Udule pamwamba pa mzerewo, patali ndithu, usamve chisoni.
Chotsalacho uchivuule, chingapatsire zinzake.
Ndinati abwana, nanga ndikalakwitsa
mudzandidula pa malipiro?
Anakhala chete.
Kenako: dula Mwandida, nthawi ikutha.

Ndinapinda juzi n'kumiza mkono mpaka m'chigongono.
Mchere unandiluma pabala la mpeni wa dzana.
Ndili chomwecho ndinakumbuka phazi la bambo anga
pachipatala chaboma paja, chaka chimene shuga anakula,
chala chitada, kenako chinzake.
Adokotala analemba mzere pafupi ndi bondo.
Amayi anafunsa, bwanji kutali chonchi, apa si pabwinobwino?
Anawayankha kuti chimene mukuchiona chatsalira m'mbuyo,
matendawo ali kale patsogolo.

Ndiye ndinadula patali.
Kunamveka kuti thyo! ngati choko chathyoka m'kalasi.
Tizidutswa tisanu, kalikonse kosaposa chala cha nkombaphala.
Ndinatimata ndi guluu patimiyala
manja akunjenjemera, mamina akuchucha ndi chisanu.

Chitsa chija chili pazenera la kukhitchini.
Tsiku loyamba chinkanunkha, ntchentche zinabwera kudzazonda.
Lero chauma, chayera kuti mbee,
tibowo tating'onoting'ono paliponse
ngati mudzi umene anthu anasamuka usiku umodzi
osatseka zitseko.

Pa tisanu tija, kamodzi kanayera Lachinayi madzulo,
kena ndinakapeza m'mawa uno.
Tatsala titatu. Kamodzi, ndikayang'anitsitsa,
kakutulutsa tiubweya take, kakugwedeza m'madzi.
Sindinawauze abwana. Ndikuopa kulonjeza.

Usiku uno magetsi azimanso.
Ndawiritsa madzi pambaula, ndathira m'mabotolo atatu,
ndatseka zolimba, akuyandama m'galasimo.
Ndi kapu ndikutunga n'kubwezera, kutunga n'kubwezera,
kuti madzi asagone tulo.
Bulangete langa lalikulu ndalifunditsa nyanja ya eni ake.
Ine ndakhala pampando ndi chitenje chimodzi,
tochi ya foni kukamwa,
ndikusuzumira pansi pa bulangete ngati mlonda wa m'wodi
kuona ngati mzere wayambanso.

Panja mathiraki akulira kulowera kuchipata cha malire.
Ena mwa iwo mawa lino akaiona nyanja yeniyeniyo.