Mimoza wa pa 8 Malichi

Bwana wandipatsa kanthambi ka mimoza
kokulunga m'pulasitiki.
Ati, "Tsiku lanu ili, Taisiya, mwetulirani."
Ndamwetulira, poti kumwetulira n'kwaulere,
n'kubwerera kumakina ochapira
komwe nsalu za chipatala zafika m'chiuno.

Glafira, mayi wa agogo anga,
sanalandirepo duwa.
Anali ndi thonje m'mapapo,
chala chimodzi chinatsalira m'makina oombera nsalu
ku Petrograd, tsidya la Vyborg.
Tsiku lija kusanache anali ataima kale pamzere wa buledi
mpaka mapazi kufa,
wogulitsa n'kutseka kazenera: watha.

Amuna a m'chipani anali atalangiza:
dikirani alongo, nthawi sinakwane,
komiti sinalamule.
Koma njala ilibe komiti.
Anazimitsa makina, iye ndi anzake,
anatuluka mipango ili kumutu,
naumba chipale chofewa m'manja
n'kugenda mazenera a fakitale ya zitsulo:
Tulukani! Kodi inu mwakhuta?
Asilikali atatseka mlatho
anatsika n'kuwoloka Neva pamadzi oundana,
nsapato zonyowa, kansalu kofiira pandodo.

Sosholizimu sankadziwa kulemba kwake.
Ankangodziwa kuti kapitawo amamudula malipiro
akachedwa poyamwitsa,
ndi kuti mwamuna wa pamakina oyandikana
ankalandira zoposa zake
ndi zala khumi zonse.

Ine kulemba ndimadziwa.
Ndimawerenganso, n'chifukwa chake ndinaona
pepala la malipiro la Arkadi litagwa pansi,
Arkadi amene ndinamuphunzitsa ndekha
batani loyatsira ndi lozimitsira.
Ndinalitola, ndinamubwezera,
ndinameza mate.

Madzulo mwamuna wanga wavala epuloni.
"Khala pansi, lero mbale n'zanga."
Watsuka makapu awiri ndi sipuni,
poto wamafuta wamunyika m'madzi
kuti adikire pa 9.
Pa wailesi yakanema bambo wa tayi
akutiyamika kukongola, kufatsa, kupirira.
Za buledi zii. Za sitalaka zii.
Anatenga tsiku lobadwira m'msewu
nalidzoza mafuta onunkhira.

Mimoza ndamuika m'botolo la nkhaka
pafupi ndi chithunzi cha Glafira,
chomwe anabisa dzanja lamanzere m'chikhotho.
Ufa wachikasu ukugwera pagalasi.

Mawa pa nthawi ya tiyi
ndidzafunsa Rimma ndi Zulfiya,
aliyense abweretse pepala lake,
tiyale onse pathebulo lositira.
Kunja chipale sichinasungunuke.
Chikadaumbika.