Buku Loyambira Kumbuyo

Linabwera m'belo la kaunjika,
m'thumba la jekete yaubweya
yomwe palibe akanaigula m'ng'amba ya ku Salima.
Amayi anafuna kukulungiramo mtedza.
Ine ndinalibisa pansi pa bulauzi.

Ndinalitsegula monga timatsegulira mabuku akusukulu,
nkhani n'kumayenda chammbuyo:
misozi ikukwera kubwerera m'maso,
mtsikana akuchoka pambali pa mnyamata
mpaka kusanduka mlendo.
Asiyatu, mwana wa kumadrasa, anandiseka:
"Iwe, ili limayambira uku,
ngati lathu lija la kumzikiti."
Analitembenuza. Misozi inayamba kutsika.

Zilembo zake ngati mapazi a nkhuku pamatope,
pa Kamuzu Road ponse panalibe wotha kuziwerenga.
Choncho mawu tinkaikamo tokha,
ife anayi a Fomu 2, mitu pamodzi
kuseri kwa kalasi yopanda zitseko,
aliyense kulimbirana kukhala pakamwa pa mtsikanayo.

Maso ake aakulu ngati sosa,
m'diso limodzi nyenyezi zitatu ndi zenera.
Tsitsi lofika m'chiuno,
pamene ife lamulo la sukulu linatimeta mpala.
M'mawa uliwonse ankapeza kalata
m'kabati yosungira nsapato,
kalata yopanda dzina.
Anyamata analipo awiri:
wina wampira, mano panja nthawi zonse,
wina wamagalasi, duu, kuyang'ana pawindo.
Mwandida anati ndi wampira.
Ine ndinabetcha chitumbuwa changa pa wamagalasi.

Musaganize kuti munali zolaula.
Masamba asanu ndi limodzi athunthu
dzanja likungoyandikira dzanja
pansi pa ambulera imodzi,
osakhudzana.
Kuno wakabaza amakuimbira mluzu,
"Sisi, tiyeni," nkhani n'kuthera pomwepo.
Alangizi amakukhuthulira zonse usiku umodzi
ngati chimanga m'nkhokwe.
Koma uko mtima unkapatsidwa tsamba lakelake,
loyera, timaluwa tikungoyoyoka,
ndipo wina ankadikira
kuti mtsikana amalize kuganiza.

Sitima yawo inkafika pa nthawi yake.
Ife njanji yathu mbuzi zinkagonapo masana.

Masamba omaliza munalibe.
Mtsikana wabisala kuseri kwa chitseko mbandakucha
kuti amuone wamakalata uja,
mthunzi ukubwera m'khonde,
nsonga ya nsapato yatulukira,
basi.
Guluu wouma ndi tizidutswa ta pepala.

Tinakangana teremu yonse.
Lezina anati ndi mzukwa wa mwana wasukulu
amene anamwalira asanafunsire.
Asiyatu anati, "Amadzilembera yekha ameneyo,"
n'kupitiriza kusenda nzimbe.
Ine ndinafufuza mabelo a amayi onse,
matumba a majekete, a mathalauza,
ndinapezamo batani, tikiti ya basi, ndi tsitsi limodzi lalitali.

Lachinayi lina mvula itagwa
ndinapeza m'desiki mwanga pepala lopinda kanayi.
Chojambula cha bolopeni yabuluu:
ambulera yokhota, anthu awiri pansi pake,
maso aakulu, limodzi kuposa linzake,
manja atagwirana.
Dzina panalibe.
Tsiku limenelo masamu sindinawamve.
Ndinayang'ana zala za kalasi yonse
kufuna inki yabuluu,
koma onse tinkalembera yabuluu.

Papita zaka khumi ndi zinayi.
Ndimagwira usiku ku chipatala cha boma,
kumene nkhani zambiri ndimaziona mathero ake
ndisanadziwe chiyambi.
Asiyatu amagulitsa mpunga ku Chipoka.
Ndikamufunsa za pepala lija
amaseka, n'kundiwonjezera kambale kaulere.

Buku lija ndikadali nalo, chiswe chinalawako ngodya.
Magetsi akazima mu wodi
ndimalitsegula ndi tochi ya foni,
kuyambira kumanja monga anandiphunzitsira.
Mtsikana akadali kuseri kwa chitseko,
wagwira mpweya.
Nsapato ija sinapondebe pansi.