Kamvuluvulu wa mu Mgolo

Bwana wanga Venansiyo, kalipentala wa ku Ulongwe,
anatopa nacho chifuwa.
Zaka khumi ndi zitatu akupala mlombwa,
utuchi m'tsitsi, m'makutu, mpaka m'tiyi.

Mota anakaitola ku Moatize pa mulu wa zitsulo zakutha,
mtengo wake matumba awiri a kachewere.
Lata analipinda ngati pepala logulitsiramo mtedza,
nalikhazika chozondoka pa mgolo wabuluu.
Mapaipi anakwawa m'khoma,
kamwa lina pa sowo, lina popalira,
molumikiza monse tinamanga ndi mphira wa njinga.

"Paipi isalowe pakati," anatero, "ilowere cham'mbali
kuti mphepo izungulire.
Fumbi likamva chizungulire limagwa lokha."

Tsiku loyamba kansanza kanatseka njira.
Mgolo unakoka mpweya kamodzi, phwa!
nufota ngati tsaya lopanda mano.
Mayi Jasinta anaseka mpaka kukhala pansi.
Iye duu.
Anangosema mkombero wa thabwa
naupatsa mgolowo nthiti.

Tsopano gunditsani khutu pa latalo.
M'katimo muli Okutobala,
kamvuluvulu yemwe uja wosasula madenga pamsika,
womangidwa ngati mbuzi pachikhomo.

Loweruka timakhuthula:
utuchi, timisomali, nyerere zosochera,
ndi pensulo yomwe anati ndinaba ine.
Sanapepese. Anaipukuta, naipachika kukhutu.

Magetsi akathima ndimabwerera ku tsache, inde.
Koma ndimagona kuseri kwa khoma lake,
ndipo masiku ano
chondidzutsa usiku ndi agalu okha.